Nankafumbwe wamkulu ndi anzake: mbiri ya maina a tizilombo tikaiyang'ana tili ku Kaseye

Mwezi wa Disembala chaka chatha ndinali kwa agogo anga aakazi, kufupi ndi mishoni ya Kaseye m'boma la Chitipa. Mvula inali itagwa masana, ndipo madzulo titayatsa nyale ya sola pakhonde, tizilombo tinayamba kusonkhana. Tina timauluka mwakachetechete, tina timalira ngati njinga yamoto, tina timagwa chagada n'kumaphiriphitha. Mwana wa achemwali anga, yemwe ali Sitandade 5, analoza kamodzi n'kufunsa kuti, "Amalume, aka ndi kachiyani?" Ndinati ndi gulugufe. Analoza kena, ine n'kuti gulugufenso. Kenaka panatera chachikulu ngati chikhatho cha mwana, chokhala ndi madontho onga maso pamapiko, ndipo ndinangoti, "Ameneyo ndi gulugufe wamkulu." Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Sukulu yonse ija, mdzukulu wanga, dzina limodzi basi?"

Iwo atayamba kufotokoza m'Chilambya, ndinazindikira kuti nawonso samatchula dzina la chouluka chija. Amatchula mbozi imene chimachokera, mtengo umene mboziyo imadya, ndi mwezi umene imaoneka. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza funso limodzi: kodi kachilombo kamapeza bwanji dzina m'ziyankhulo zathu? Yankho lomwe mbiri ikupereka ndi lakuti dzina limabwera kachilomboko kakafika pa mbale kapena pa nkhokwe. Kakangokhala m'nkhalango osatidyetsa kapena kutidyera, kamalowa m'thumba lalikulu lija la mawu akuti "kachilombo".

Kwa amene simunafikeko, Kaseye ali kumpoto kwenikweni kwa Malawi, kufupi ndi malire a Tanzania. Boma la Chitipa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill. Chakum'mawa kuli mapiri a Misuku, komwe kuli nkhalango zosayoyola masamba za Mughese, Wilindi ndi Matipa, pomwe m'munsi muli tchire la miombo. Derali lili ndi ziyankhulo zambiri kuposa boma lina lililonse m'dziko muno: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chibemba, Chitumbuka ndi zina. Bungwe la Centre for Language Studies la University of Malawi linachita kafukufuku wa ziyankhulo za chigawo cha kumpoto mu 2006, ndipo Chitipa ndiye anaoneka wosakanikirana kwambiri. Choncho kuno munthu amatha kuona bwino momwe dzina limabadwira, momwe limasamukira, ndi momwe limafera.

Tiyambe ndi kukula kwa nkhaniyi. Akatswiri a tizilombo analemba kale mitundu ya zikumbu pafupifupi 400,000 padziko lonse. Gulu la agulugufe lili ndi mitundu pafupifupi 160,000, ndipo mwa imeneyi agulugufe a masana sakwana n'komwe 20,000. Yotsala yonseyo ndi ya usiku. Chichewa cha tsiku ndi tsiku chimakuta gulu lonseli ndi mawu amodzi, gulugufe, kuphatikizapo njenjete ija yodya zovala m'sutikesi. Wina akhoza kufulumira kunena kuti Chichewa n'chosauka. Koma tayang'anani mbali ya mbozi. Kumeneko maina ndi mbwee: matondo, mphalabungu, mabwabwa, kawichi, kapuchi, ntchemberezandonda. Mbozi iliyonse mwa izi imasanduka gulugufe wa usiku, koma dzina analandira ndi mwana, kholo lake ayi.

Chifukwa chake chili m'moyo wa tizilomboti. Titenge banja la Saturniidae, lomwe limatipatsa mbozi zodyedwa. Gulugufe wamkazi amaikira mazira pamasamba a mtengo kumayambiriro a dzinja. Mbozi zikaswa zimadya masamba kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, zikufundula khungu kangapo, kenaka zimatsika mumtengo n'kulowa m'dothi, momwe zimagona mpaka mvula ina. Gulugufe amene amatuluka m'dothimo alibe pakamwa pogwira ntchito. Sadya kanthu, amakhala masiku ochepa chabe, ntchito yake n'kukwerana ndi kuikira mazira, ndipo amauluka usiku anthu ali m'tulo. Ndiye taganizani: mbozi imakhala masabata ambiri poyera, mumtengo wodziwika, ndipo ndi ndiwo. Kholo lake limaoneka mausiku atatu kapena anayi. Nanga dzina likanapita kwa yani?

Maina enawo amaonetsa kuti anthu ankadziwa bwino ubale wa mbozi ndi mtengo. Matondo amagwirizana ndi mtondo, mtengo wa m'tchire la miombo womwe akatswiri amati Julbernardia paniculata. Kwa anansi athu a ku Zambia, Abemba amati ifishimu kutanthauza mbozi zodyedwa zonse, koma amasiyanitsa chipumi, yemwe ndi Gynanisa maja, ndi mumpa, yemwe ndi Gonimbrasia zambesina. Ku Lusaka mudzamva vinkubala, ku Zimbabwe madora kapena amacimbi, ku Botswana phane. Kulikonseko mbozi ndiyo ili ndi dzina. Ndipo chidziwitso chimenechi chinafika pokakamiza boma kusintha ndondomeko: mu 1990 nthambi yoona za nyama zakutchire inalola anthu oyandikana ndi Kasungu National Park kulowa m'nkhalangoyo kukatola mbozi, ndipo Simon Munthali ndi Daniel Mughogho analemba za ntchitoyi mu 1992. Brian Morris, katswiri wa chikhalidwe cha anthu yemwe wakhala zaka zambiri m'Malawi, anasonkhanitsa maina ambiri otere m'buku lake la Insects and Human Life la 2004.

Nyengo yachiwiri ya mbiriyi inayamba m'zaka za m'ma 1890, pomwe kunabwera anthu otchula maina pa zifukwa zina. Alexander Whyte, yemwe ankatolera zomera ndi zinyama mu ulamuliro wa Harry Johnston, anayenda ulendo wa ku Nyika ndi ku Misuku mu 1896. Richard Crawshay, yemwe ankagwira ntchito ya boma la atsamunda kumpoto kwa nyanja, ankagwira agulugufe n'kumatumiza ku London, komwe Arthur Butler wa ku British Museum ankawapatsa maina a Chilatini. Mpaka lero tili ndi gulugufe wotchedwa Uranothauma crawshayi, monganso tili ndi mkungudza wa ku Mulanje wotchedwa Widdringtonia whytei. Dzina la mapiri athu nalo linalowa m'Chilatini, koma molakwika. Azunguwo ankalemba kuti "Masuku", ndipo mbalame ina ya m'nkhalango za kumeneko inatchedwa masukuensis mu 1897. Malamulo a katchulidwe ka sayansi salola kusintha dzina chifukwa chakuti wotchulayo anamva molakwa, ndiye cholakwikacho chidakalipo m'mabuku.

Anthu amenewa ankafuna gulugufe wamkulu uja, wa mapiko athunthu, woti abayidwe ndi phini m'bokosi. Mbozi imaola msanga, sinali yophweka kutumiza pa sitima. Ndiye panali magulu awiri a chidziwitso oyang'ana chamoyo chimodzi, wina kuubwana wake, wina kuukulu wake, ndipo sankakumana kawirikawiri. Amene ananyamula mabokosi ndi kuloza njira ya ku Mughese anali anthu a konkuno, koma dzina lokumbukiridwa pa tizilomboto ndi la mwini bokosi.

Nthawi yomweyo mabuku otanthauzira mawu ankalembedwa kutali ndi Chitipa. Johannes Rebmann analemba mawu a Chinyanja ali kufupi ndi Mombasa, akuwamva kwa Salimini, munthu wochokera ku chigawo chapakati yemwe anagwidwa ukapolo, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick anaukonzanso mu 1929. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, mawu akuti njenjete anakhazikika m'makutu mwa anthu ambiri kudzera m'maulaliki. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo chinayamba kuphunzitsidwa m'sukulu zonse, za ku Chitipa zomwe. Zotsatira zake ndi zimene zinachitika pakhonde paja. Mwana wa ku Kaseye amaphunzira maina a tizilombo amene analembedwa ku Blantyre, ku Nkhoma ndi ku Zomba, pomwe maina a tizilombo ta m'nkhalango yoyandikana naye ali m'mutu mwa agogo ake okha. Ineyo ndine chipatso cha dongosolo limenelo, ndipo sindikunyoza Chichewa, poti ndi chomwe ndikulembera pano. Ndikungonena kuti chinafika kwathu ndi katundu wa kwina.

Nyengo yachitatu ndi imene inandikoka mtima kwambiri, chifukwa tikutha kuona dzina likubadwa anthu amoyo akuonerera. Chichewa chinali kale ndi nankafumbwe, kachikumbu kakang'ono ka mlomo wautali komwe akatswiri amati Sitophilus zeamais. Dzinali ndi losavuta kuliphwanya. Muli mneni kufumbwa, monga timanenera kuti chimanga chafumbwa, ndipo kumayambiriro kuli mphatikiri na- yemwe timamupezanso mu nanzikambe, nalimata ndi namzeze. Maina otere amalowa m'gulu limodzi ndi maina a anthu, n'chifukwa chake timati anankafumbwe alowa m'nkhokwe, monga tinganenere kuti alendo alowa m'nyumba.

Kenaka kunabweradi mlendo. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko a pakati pa America, ndipo dzina lake la sayansi ndi Prostephanus truncatus. George Horn ndiye anayamba kumulemba mu 1878. Mawu akuti truncatus amatanthauza chodulidwa, chifukwa kumbuyo kwake kumaoneka ngati anachita kudula ndi mpeni. Kutalika kwake ndi mamilimita atatu kapena anayi. Si wa banja la nankafumbwe ayi. Ndi wa banja la Bostrichidae, zikumbu zoboola mitengo youma m'nkhalango. Alibe mlomo wautali uja, ndipo mutu wake umabisala pansi pa chifuwa. Chimanga ndi makaka a chinangwa kwa iye zili ngati thabwa lofewa basi.

Anafika mu Africa mwangozi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anayamba kusautsa alimi a dera la Tabora ku Tanzania. Mu 1981 akatswiri anatsimikiza kuti ndi iyeyo. Kafukufuku wa nthawi imeneyo ku Tanzania anapeza kuti m'nkhokwe zina chimanga chinkataya kulemera kofika 34 pa 100 m'miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi. Anaoneka ku Kenya mu 1983, ku Togo mu 1984, ndipo mu 1991 anapezeka m'Malawi, m'boma la Karonga, loyandikana ndi lathu. Mu 1993 anapezeka ku Nakonde m'dziko la Zambia. Mukayang'ana mapu muona kuti Chitipa ali pakati pa malo awiriwa. Anthu a kuno, omwe amaoloka Songwe kukagula ndi kukagulitsa ngati akupita kuseri kwa nyumba, anali pakhomo penipeni pomwe mlendoyu analowera.

Tsono maina. Ku Tanzania anamutcha dumuzi, ena n'kumupatsa dzina loseleula lakuti Scania, dzina la malole akuluakulu aja. Ku Kenya anadzamutcha Osama. Kwathu kuno alangizi a zaulimi ndi wailesi anakhazikika pa mawu akuti nankafumbwe wamkulu. Apa pali kanthu kosangalatsa kwa ife okonda ziyankhulo. Dzina lake la Chingerezi ndi larger grain borer, ndipo mawu oyambawo amamuyerekeza ndi m'bale wake wamng'ono wa banja lomwelo, Rhyzopertha dominica. Omasulira anatenga ukuluwo n'kuumata pa nankafumbwe, yemwe si m'bale wake ndipo msinkhu wawo ndi wofanana ndithu. Mukawaika awiriwa pachikhatho simungaloze wamkulu poyang'ana kutalika. Komabe dzinali linagwira, chifukwa m'Chichewa ukulu si wa thupi lokha. Timati mlandu waukulu, njala yaikulu, mfiti yaikulu. Mlimi atatsegula nkhokwe n'kupeza ufa wokhawokha pansi, zitsononkho zitabooledwa, nsungwi ndi mitengo ya nkhokweyo zitabooledwanso, sanafunikire womuuza chomwe "wamkulu" akutanthauza. Kumasulira kopotoka kunaongoledwa ndi anthu olankhula.

Kachikumbu kameneka kanasinthanso kasungidwe ka chakudya. Kamaswana bwino m'chimanga chosatonola, chifukwa njere zikakhala zolimba pachitsononkho kamapeza potsamira poboola. Ndiye uphungu unali wakuti tonolani, thirani mankhwala, sungani m'matumba. Mankhwala a fumbi a Actellic Super anatchuka mpaka dzina lake linasanduka mawu wamba, akiteliki, omwe anthu amatchulira mankhwala aliwonse othira m'chimanga. Pambuyo pake kunabwera matumba osalowa mpweya a PICS. Kuopa akuba nako kunathandizira, koma zoona zake n'zakuti m'midzi yambiri nkhokwe yoluka ikusowa, chimanga chikugona m'nyumba. Nkhokwe ikatha, mawu ake amatsatira. Funsani mwana wa m'tauni kusiyana kwa nkhokwe ndi chikwa muone. Ndipo kachilomboka sikangatheretu, chifukwa kafukufuku wa ku Kenya ndi ku Benin anaonetsa kuti kamakhalanso m'nthambi zouma za m'tchire, monga kankachitira kwawo. Nyengo yokolola ikafika kamauluka kubwerera kumudzi.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso posachedwapa, ulendo uno ndi gulugufe wa usiku. Chichewa chili ndi dzina limodzi lokoma kwambiri la mbozi, ntchemberezandonda. Ndi chiganizo chathunthu: ntchembere zandilonda, kutanthauza kuti zanditsata, ndipo -ndi- wafupikitsidwa mpaka l uja wasanduka d. Dzinali linali la Spodoptera exempta, mbozi ya mu Africa mommuno yomwe imabuka mwa apo ndi apo n'kumayenda chigulu poyera, ikudya udzu ndi chimanga chanthete. Kumayambiriro kwa 2016 m'bale wake wa ku America, Spodoptera frugiperda, anapezeka kumadzulo kwa Africa, ndipo pofika dzinja la 2016 mpaka 2017 anali ali m'minda ya m'Malawi. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi. Dzina lakale lija linakokedwa kuti likute mlendoyu, pomwe alimi ena poyamba ankamuyesa kapuchi, chifukwa amabisala m'nsonga ya chimanga m'malo moyenda chigulu. Apa dzina si nkhani ya m'kalasi chabe. Mlimi amene wamva "ntchemberezandonda" pa wailesi akhoza kumadikira gulu la mbozi likudutsa m'munda, pomwe mdani ali kale mkati mwa phesi. Ndipo gulugufe wotuwa amene amaikira mazira a mboziyi usiku, yemwe amatha kuuluka mtunda wautali ndi mphepo, mpaka lero tikungomutcha gulugufe.

Ku Misuku kuli chitsanzo china. Alimi a khofi kumeneko amavutika ndi chikumbu cha tinyanga titalititali, Monochamus leuconotus, chomwe mphutsi yake imadya khungwa mozungulira tsinde kenaka n'kuboola mkati mpaka mtengo kufota. Ichi si mlendo, ndi cha mu Africa. Mlendo ndi khofi wa m'minda, yemwe anayamba kudzalidwa ku Blantyre Mission chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 n'kudzafika kumpoto pambuyo pake. M'Chichewa cha alangizi chikumbuchi chimangofotokozedwa ndi ntchito yake, kuti ndi mbozi yoboola tsinde la khofi. Umu ndi momwe maina ambiri amayambira: chiganizo chofotokoza, chomwe chikatchulidwa kawirikawiri chimafupika mpaka kusanduka dzina, monga zinachitikira ndi ntchemberezandonda.

Tikaphatikiza zonsezi, njira zopezera dzina zikuoneka zinayi. Pali kutenga dzina la mtengo, monga matondo. Pali kutenga ntchito ya kachilomboko, monga nankafumbwe. Pali kukoka dzina lakale n'kuwonjezera mfotokozi, monga nankafumbwe wamkulu. Pali kubwereka, monga akiteliki. Zonsezi zimayamba pokhapokha kachilomboko katakhudza moyo wa munthu. Chodetsa nkhawa n'chakuti njira yomweyo imagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo. Mtondo ukadulidwa n'kuotchedwa makala, matondo amasowa. Matondo akasowa kwa zaka khumi, ana sakhala ndi chifukwa chotchulira dzinalo. Maina a tizilombo toononga mbewu adzakhalapo, poti alangizi, wailesi ndi ogulitsa mankhwala akuwasunga. Omwe ali pa chiopsezo ndi maina a tizilombo ta m'nkhalango, makamaka m'ziyankhulo ngati Chilambya, Chisukwa ndi Chindali zomwe zili ndi mabuku ochepa. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000 unasunga mawu ambiri a Chichewa, koma agogo anga sali m'menemo.

Ndiye pempho langa kwa anzanga ophunzira ndi ili. Mukapita kumudzi pa tchuthi cha Disembala, nthawi yomwe mbozi ndi agulugufe zimachuluka, tengani foni ndi kope. Musayambe ndi kufunsa kuti "gulugufe m'chiyankhulo chanu mumati chiyani", chifukwa mudzalandira mawu amodzi n'kubwerako mukuganiza kuti mwamaliza. Ine ndinalakwitsa chimodzimodzi. Yambani ndi mtengo. Funsani kuti mumtengo uwu mumapezeka mbozi yanji, imabwera mwezi uti, imadyedwa kapena imayabwa, amatola ndani, ndipo ikalowa m'dothi chimatuluka n'chiyani. Jambulani mboziyo pamodzi ndi tsamba lomwe ikudya, jambulaninso mawu a wokuuzaniyo atakulolani, lembani mudzi ndi chiyankhulo chake, ndipo funsani anthu osachepera atatu musanakhulupirire kuti mwamva bwino. Mwana wa achemwali anga uja ndamusiyira kope lake. Ntchito yake ndi kukhala pafupi ndi agogo madzulo aliwonse nyale ikayaka, n'kumalemba.